Msewu Umene Tinakonzera Alendo

Elmstead, Vermont
Lolemba, 13 Okutobala 1817

Okondedwa achimwene a Lemuel,

Kunja kwacha ndi nkhungu, ndipo chisanu cha usiku chapsereza masamba a maungu amene anatsala m'munda. Dzuwa silinafike pa khola. Ndati ndilembe tsopano amayi asanadzuke, chifukwa akadzuka ayamba kundiuza zolemba, pepala lonse litha ndi nkhani ya mwendo wawo.

Muli bwanji ku Montpelier? Ife tili bwino. Mwendo wa amayi ukutupabe, koma pakamwa pawo palibe vuto. Dzulo amati ndikufunseni ngati aphungu amasamba.

Achimwene, pempho lathu lafika pati? Chaka chatha Nyumba ya Malamulo inati idzaliona chaka chamawa. Chaka chamawacho ndi chino, ndipo phungu wathu tsopano ndinu. Sitikupempha zambiri ayi. Angotilola kutolera msonkho pa nkhalango za anthu a ku Boston aja, amene ali ndi malo kuno koma sanapondepo phazi, kuti timange msewu watsopano wolambalala dambo.

Lachisanu ngolo ya a Zenas inatitimiranso pa dambopo itasenza zitsulo. Ng'ombe imodzi inathyoka mwendo, anaiphera pomwepo. Zitsulo zina zikadali pansi pa matope. Madzulo a Zenas anafika kwathu ali matope mpaka m'khosi, anakana ngakhale mpando.

"Keziah," anatero, "wosula wopanda chitsulo ndi munthu wongodetsa manja. Akatikaniza msewu watsopanowu ine ndikupita ku Ohio. Asuweni anga akuti kumeneko chimanga sichifa ndi chisanu m'nyengo yotentha monga zinatichitikira kuno chaka chatha."

Amayi anayankha ali pa mpando wawo: "Muyende bwino, bambo. Koma mwana wangayu si thumba la misomali loti mungoponya m'ngolo."

Onse awiri anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana mphaka.

Mukudziwa kuti ukwati wanga ndi a Zenas unalengezedwa kale m'tchalitchi. Mukudziwanso kuti amayi sangayende ulendo wotero, ndipo sangasiye manda a bambo. Msewu ukaloledwa, a Zenas akhala, ndipo ine sindidzafunsidwa kusankha. N'zokhazo zimene ndikufuna. Ndikumangodzuka, kukhala, kudzukanso, ulusi ukumaduka m'manja mwanga. Chonde lembani msanga, ngakhale mizere iwiri.

Ndine mlongo wanu,
Keziah

Montpelier
Lachinayi, 16 Okutobala 1817

Keziah mlongo wanga,

Kalata yako ndalandira. Uwauze amayi kuti aphungu amasamba Loweruka ngati anthu ena onse, kupatula nkhalamba ina imene ndikugona nayo bedi limodzi ku nyumba ya alendo. Imeneyo ikudikira kuti Nyumba ikhazikitse kaye lamulo.

Ukanaona mmene mapempho amayendera kuno. M'mawa uliwonse mlembi amaimirira n'kumawawerenga mothamanga ngati akuthawa njuchi. Mudzi wina ukufuna mlatho. Munthu wina akupempha kuti mlathowo usamangidwe, chifukwa iye ali ndi bwato lowolotsa anthu. Wina watopa ndi dzina lake, akufuna latsopano. Onsewo amakathera pa tebulo limodzi, ndipo ambiri amagona pomwepo mpaka fumbi.

Lathu linawerengedwa dzulo. Koma a ku Boston aja sanagone, anatumiza pempho lawo lotsutsa. Akuti msewu wa ku Elmstead ulibe vuto, ngakhale gogo angayendepo atavala nsapato za ku tchalitchi. Magazi anandiwira. Ndinaimirira n'kufotokoza za ng'ombe ya Zenas. Sindikukumbuka zonse zimene ndinanena, koma palibe anakhosomola.

Tsono tamva nkhani yabwino. Nyumba yasankha amuna atatu kuti abwere adzaone msewuwo ndi maso awo, kenako adzanene zimene aona tisanabalalike. Mtsogoleri wawo ndi a Fairchild, bambo wonenepa wokonda kudya koma wachilungamo. Afika Lachiwiri pa 28.

Ukawawerengere a Stiles kalatayi, poti ndiwo oyang'anira misewu kwathuko. Alendowa muwalandire bwino. Aone kuti ku Elmstead kuli anthu, tisachite manyazi. Zenas umuuze asamange katundu.

Unditumizire masokosi aubweya. M'Nyumbamu mbaula ili kutsogolo, ndipo ife aphungu atsopano anatikhazika pafupi ndi chitseko.

Ndine mchimwene wako,
Lemuel

Montpelier
Loweruka, 18 Okutobala 1817

Keziah,

Ndikulemba nditaimirira, wonyamula makalata akumanga kale kavalo.

MUSAKHUDZE MSEWU.

M'mawa uno nkhalamba yosasamba ija inandifunsa kuti, "Mnyamata, kodi kwanu wawauza kuti abise mafosholo?" Ndinati chifukwa chiyani. Inati, "Ndakhala m'Nyumba muno zaka zambiri. Komiti ya msewu siwerenga mapepala, imawerenga matope a pa buluku lake. Ikabwerako youma, mwaluza."

Pomwepo ndinakumbukira a Stiles, mmene anapakira tchalitchi chonse laimu chifukwa cha mlaliki wodzacheza tsiku limodzi. Thamanga ukawauze. Dambo likhale mmene lilili. Ngati kungatheke mvula igwe, a Fairchild atitimire mpaka m'chiuno, muwazule ndi ng'ombe, kenako muwadyetse. Kulandira bwino kumene ndimanena ndi kwa pa tebulo basi.

Lemuel

Elmstead
Lachisanu, 24 Okutobala 1817

Okondedwa achimwene,

Moni wochuluka. Kuno kukuwala dzuwa sabata yonse, ngati kumwamba nako kwamva za alendo athu. Zikomo chifukwa cha kalata yanu ya pa 16. Ndaisunga m'thumba la epuloni, yafika pofewa ndi kuipindapinda.

Lamulungu mapemphero atatha, a Stiles anandiuza kuti ndiiwerenge pamaso pa anthu onse. Ndinayamba, koma mawu ankatuluka motsika kwambiri. Wina kumbuyo anati, "Kodi akuwerengera mbewa?" A Stiles analanda kalatayo n'kuiwerenga okha. Atafika pamene munati tisachite manyazi, anabwereza kawiri, n'kuvula magalasi.

"Abale, mwamva? Akuluakulu a boma abwere kuno adzatitimire pa dambo pathu? Adzatiyesa chiyani ife, nkhumba?"

"Inuyo adzakuyesani nguluwe, a Stiles, ndi ndevu zimenezo!" Amenewo anali amayi. Tchalitchi chonse chinaseka, abusa omwe.

A Stiles sanaseke. Anati mwamuna aliyense abwere Lolemba ndi nkhwangwa, fosholo ndi ng'ombe zake, ndipo masiku amenewa adzawerengedwa pa ntchito ya msewu imene aliyense amagwira pa chaka. Palibe anatsutsa.

Achimwene, sindinaonepo Elmstead chotere. Azula mitengo yowola yonse imene inayalidwa pa dambo, agwetsa ina yatsopano, aiyala mothithikana, pamwamba pake nthambi, kenako miyala ya kumtsinje. Anthu amene sanalankhulane chiyambire mlandu wa mpanda uja akusenza chipika chimodzi. Mwala waukulu wa pokhota uja, umene unkathyola mawilo, a Zenas auphulitsa ndi wonga. Iwo ndiwo akuyamba kufika, ndiwonso akumalizira kuchoka, ndipo akaweruka akukanola nkhwangwa za anthu onse. Apezanso zitsulo zawo zija m'matope. Dzulo ndinawamva akuimba. Sindimadziwa kuti amaimba moipa chonchi.

Akazife tikuphika nyemba ndi nyama ya nkhumba m'mphepete mwa msewu. Amayi anaumirira kuti awanyamule pa mpando, awakhazike pa chitsa, ndipo akumauza aliyense kuti akugwira fosholo ngati supuni. Ndikuwapatsa madzi, a Zenas anandinong'oneza kuti, "Akaona mmene anthu a kuno timagwirira ntchito, sangatikanize. Nyumba yathu ndidzaimanga pafupi ndi ya amayi, azidzanditukwana osadzuka pa mpando."

Ndinathawa, nkhope ikutentha.

Chimodzi chokha chikundisowetsa mtendere: kalata ina yochokera kwa inu sinabwere. Wonyamula makalata anafika Lachitatu, anapeza msewu wonse wafukulidwa, kavalo sakanadutsa. Akuti anabwerera n'kusiya makalata kumunsi, ku nyumba ya alendo ya a Pratt. A Stiles akana kuti munthu achoke pa ntchito kukawatenga. Ngati munalemba zoti masokosi achedwa, pepani, ndi awa. Ndapatsira wogulitsa singano amene akudzera njira yapansi ya kuphiri.

Mudzanyadira mukadzaona.

Mlongo wanu,
Keziah

Elmstead
Lachitatu, 29 Okutobala 1817

Achimwene,

Sindikudziwa poyambira. Moni. Amayi ali bwino.

Alendo anafika dzulo masana pa ngolo yopepuka ya akavalo awiri. Tonse tinali pabwalo la tchalitchi titavala za Lamulungu. Atatsika ndinaona nsapato zawo zikunyezimira, ndipo ndinakondwa. Ndikulemba zimenezi kuti mudziwe kuti ndinakondwa.

A Fairchild anadziwongola n'kunena kuti, "Pepani, ine ndinagona m'njira. Dambo loopsa lija tikalionera kuti? Tipite tisanadye kapena titadya?"

A Stiles anatulutsa chifuwa. "Mwadutsa pomwepo, bwana! Simunamve ngakhale kugwedezeka, eti?"

Alendo atatuwo anayang'anana. Wowonda wina anatulutsa pensulo.

Tinawadyetsa nkhukundembo, mkate wa maungu, tchizi cha Mayi Stiles ndi mowa wa maapozi. A Fairchild anadya mosangalala, koma pakati pa chakudya anaika mpeni pansi n'kunena mofatsa kuti, "Abale anga, pempho lanu likuti msewu uwu sudutsika. Ine msewu wabwino chotere sindinauone chichokere ku Montpelier. Ndikanene chiyani?"

Pamenepo m'pamene anthu anayamba kuzindikira. Zinayenda pa tebulo ngati mphepo yozizira, mmodzimmodzi kusiya kutafuna. A Zenas anaimirira.

"Bwana, mitengoyo taiyala sabata yathayi. Pansi pake ndi phala lokhalokha. Mvula yaikulu ikagwa kamodzi, zonsezo ziyandama. Dikirani igwe muone."

"Ndikukukhulupirira, mwana wanga," anatero a Fairchild. "Koma sanatitume kudzalosera. Anatituma kudzaona. Ndipo a ku Boston adzati, ngati anthuwa atha kukonza okha m'sabata imodzi, msonkho wathu akuufuniranji?"

Pokwera ngolo anapisa m'thumba. "Ndikanaiwala. A Pratt anatipatsira makalata anu." Yanu ya pa 18 inali pamwamba.

Atapita ndinaitsegula pakhomo pa tchalitchi. Ulendo uno palibe anandilanda. Ndinaiwerenga mokweza mpaka pa dzina lanu, ndipo wakumbuyo uja anamva bwinobwino. A Stiles anakhala pansi pa masitepe, chipewa m'manja, n'kumangoti, "Koma anali alendo. Anali alendo." Amayi anayamba kuseka, anaseka mpaka misozi, kenako inangotsala misozi yokha.

A Zenas anandiperekeza mpaka pa mpanda wathu. Pamenepo anati:

"Keziah, chitsulo changa chosulirapo, mvukuto ndi zida zonse sizingadutse pa dambo paja nthawi ina iliyonse. Zikhoza kudutsa tsopano, mvula isanagwe. Ndakonza ndekha njira yochokera. Ndinyamuka Lachinayi sabata yamawa."

Ndinati, "Nanga ine?"

Anati, "Malo ako m'ngolo alipo. Sindikukoka, sindikusiyanso mwakufuna kwanga."

Achimwene, ndichite chiyani? Ndikumatuluka panja kawirikawiri kukayang'ana mitambo, ndipo sindikudziwa ngati ndikupempha kuti mvula igwe kapena isagwe. Amayi sakunena kanthu, ndipo zimenezo zikundiopsa kuposa kutukwana kwawo. Bwerani kunyumba, chonde. Kapena lankhulaninso m'Nyumbamo monga munachitira poyamba.

Keziah

Montpelier
Lolemba, 3 Novembala 1817

Keziah mlongo wanga,

Makalata ako onse awiri ndinalandira. Yoyamba inandipeza komiti itanyamuka kale, ndinangokhala pa bedi masokosi ali m'manja. Ndi ofunda, zikomo.

Loweruka a Fairchild anauza Nyumba zimene anaona. Sananame. Ananenanso za mitengo yatsopano ndi za kalata yanga yochedwa, ndipo aphungu anaseka mpaka Sipika anamenya tebulo. Tsopano aliyense wondiona akumandifunsa ngati kwathu tingabwere kudzawakonzera msewu. Mnzanga wa pa bedi uja yekha ndiye sanaseke. Anangoti mudzi wathu ndi wachitatu kuchita zimenezi chiyambire iye.

Ena amafuna kuti pempho litayidwe. Ndinachonderera, a Fairchild anandithandiza, ndipo zatheka kuti lisafe. Aliika kuti lidzaonedwe chaka chamawa. Ndikudziwa mmene mawu amenewa akumvekera kwanuko. Koma ulendo uno ndi zenizeni, chifukwa tsopano phungu aliyense akulidziwa dzina la Elmstead.

Kubwera sindingathe. Ndikachoka, a ku Boston ali ndi anzawo muno amene angalidzutse pempholo n'kulipha ine kulibe. Nyumba ikangobalalika ndinyamuka tsiku lomwelo.

Umuuze Zenas adikire chaka chimodzi chokha. Ndi munthu womva. Iwenso usachite kanthu mopupuluma, ndikabwera tidzakhala pansi tonse. Ndimakudziwa, sungapite ngakhale kwa a Pratt wekha.

Mchimwene wako,
Lemuel

Kwa a Pratt, kumunsi kwa dambo
Lachinayi, 6 Novembala 1817

Okondedwa achimwene,

Moni. Onani pamwambapo pamene ndikulembera.

Kalata yanu inafika dzulo. Masiku ano makalata akufika msanga, msewu ndi wabwino. Ndinakawawerengera a Zenas ku chipala, ndinapeza achotsa kale mvukuto. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Alamu anga ayesetsa. Koma chaka chamawa ndinachidikira kale chaka chatha." Sanakwiye. Anapitiriza kumanga zingwe.

Lero m'mawa kunacha ndi mitambo yakuda kumadzulo. Ngolo ya a Zenas inaima pa mpanda wathu. Ndinali nditaganiza kuti ndiwaperekeze mpaka pa dambo, nditsike, ndibwerere wapansi. Ndinawauza amayi choncho. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ukupita ndi kansalu kameneko? Tsegula bokosi, utenge chikhoti changa chofiira."

Achimwene, mukuchidziwa chikhoti chimenecho. Ndi chimene anavala pochoka kwawo ku Connecticut ndi bambo, ndipo sanalolepo munthu kuchikhudza. Ndinati, "Amayi, ndikungofika pa dambo." Anati, "Ndamva, sindine gonthi. Pa dambo pamazizira." Kenako anakuwira a Zenas pa zenera kuti, "Inu a misomali! Mukakagwetsa katundu wanga m'njira mudzandiona!" Atatero anatembenukira kukhoma, nati ndichoke ndikuwatchingira kuwala.

Tinadutsa pa tchalitchi, pa manda, pokhota pamene panali mwala paja. Titafika pa dambo mawilo anayamba kulira pa mitengo, ndipo ndinkaidziwa yonse, uwu anagwetsa uje, apa m'pamene ndinatayira nyemba. Ndinkati nditsika pa mtengo wotsatira. Ndinapisa manja m'matumba a chikhoti chifukwa kunkaziziradi. M'thumba lina munali masingano a amayi ndi lumo lawo. M'linalo munali kansalu komanga njere za maapozi a mtengo wa pa manda a bambo.

Mitengo inatha, mawilo anaponda nthaka youma. A Zenas anaimitsa ng'ombe n'kudikira. Ndinayang'ana kumbuyo. Kenako ndinamva mawu anga akuti, "Tiyeni, mvula itipeza."

Musawaimbe mlandu amayi, kapena a Zenas. Chikhoti chikanatha kubwerera nane kunyumba. Ndasankha ndine.

A Pratt, poti alinso ndi udindo womangitsa maukwati, atimangitsa masana ano m'chipinda chodyera. Mboni anali akazi awo ndi wonyamula makalata uja. Iye anati ndi bwino kuti wathandizako pa china chake.

Mayi Stiles alonjeza kugona kwathu mpaka mutabwera. A Stiles akumawaza nkhuni zathu m'mawa uliwonse osapemphedwa, ndipo amayi akumawauza kuti akuwaza molakwika. Musachedwe. Mwendo muziwathira madzi ofunda, osati otentha, ngakhale akalipe. Mphaka amadya kawiri.

Pempholo musalisiye. Ine silindithandizanso, koma ndidzafuna njira yobwerera kudzaona amayi, ndiponso yoti makalata anga azifika. Komiti ina ikadzabwera, mafosholo onse mudzawatsekere m'tchalitchi, kiyi mudzapatse amayi.

Sindikudziwa kuti Ohio ali kutali bwanji. Ndikuopa kufunsa. Ndadzuka kale kangapo kukayang'ana pa zenera loyang'ana kwathu.

Mvula yayamba. Ikugwa yamphamvu, phiri silikuonekanso. A Pratt akuti pofika mawa mitengo ija ikhala ikuyandama. Pobwera kavalo mudzamusiye kuno, mudzapite wapansi, ndipo mudzavale nsapato zakale.

Ndamaliza kulemba lero Lachinayi, 6 Novembala, nthawi ya 4 koloko madzulo.

Ndine mlongo wanu,
Keziah